Nyumba Yanga Ikwera Kalasi

Lolemba
Mphwanga Saidi, dobadoba wa nyumba za lendi ku Balaka, wabwera ndi nzeru. Akuti nyumba zili ndi makalasi ngati ana a sukulu. Kalasi A: magetsi, mpope, mpanda. Kalasi B: malata, simenti, ukhondo. Kalasi C: zina zonse. Yanga ya kuno ku Nsanama waizungulira kamodzi n'kuti, "Amalume, iyi ndi C, ndipo ndakukonderani."
Mnyamata wa bungwe logawa chimanga akufuna chipinda, koma cha B. Lendi yake ingandifikitse pa zokolola. M'nkhokwe mwatsala fungo lokha. Chipinda chilipo, chimene mkazi wanga Abiti Juma ankasokeramo. Chakhala chotseka chimwalirireni iwo.

Lachiwiri
Zofunika kuti tikwere:
laimu
chitseko cha chimbudzi
maluwa
aneba ooneka bwino
Saidi akuti dera nalonso limawerengedwa. Ndagulitsa tambala, ndagula laimu. Aneba pamsika palibe.

Lachitatu
Laimu wakwanira kutsogolo kokha. Ukaima kumsewu nyumba ndi B, ukaima kuchimbudzi ndi C. Ndapempha aneba anga, Che Bwanali, kuti mango awisi aziphikira kuseri, osati pakhonde. Akuti, "Iyayi achimwene, kuseri kuli ana, andithera." Madzulo mbuzi yawo yadya theka la maluwa. Sindikuiimba mlandu, nayonso ili m'chaka chomwechi.

Lachinayi
Ndatsegula chipinda, ndasesa. Makina osokera ndawasuntha ndekha. Alemera kuposa kale. Ndakhala pansi pang'ono.

Lachisanu
Akomiti olemba mabanja ovutika kuti alandire chimanga adutsa lero. Aima pamsewu, ayang'ana khoma loyera, ayang'ana maluwa otsala. Mayi wina akuti, "Pano pali bwino, tipitirire." Ndawathamangira kuti adzaone kuseri. Wapampando akuti, "Bambo, munthu wogula laimu mwezi uno ali pa njala?" Che Bwanali alembedwa osadzuka n'komwe pakhonde. Mphika wa mango wawalankhulira.

Loweruka
Saidi wabwera naye mnyamata wa bungwe. Waulemu, nsapato zoyera. Wagogoda khoma, wayesa chitseko cha chimbudzi, wakweza foni m'mwamba kufuna netiweki. Kenako wayang'ana matope a mumsewu, mbuzi, ndi Che Bwanali akumupatsa moni ndi chipande.
Mnyamatayo akuti, "Adala, nyumbayi ndi B ndithu, koma dera ndi D."
D! Saidi sanandiuze kuti kulinso D. Mnyamata wapeza chipinda kufupi ndi msewu waukulu. Saidi akuti ndisataye mtima, madera amakwera. Ndamufunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Wayamba kupopa njinga.

Lamulungu
Ndiye kwa akomiti ndine wolemera, kwa abungwe ndine wosauka. Tambala kulibe, ndadzuka mochedwa, tchalitchi ndachipeza pa nyimbo yomaliza.
Masana Che Bwanali abwera, akhala pakhonde osatsamira khoma kuopa laimu. Denga lawo likudontha, ndiponso ana ali ndi manja. Akufuna posunga thumba la chimanga limene alandire mawa. Alipira mbale imodzi ya chimanga pa sabata.
Ndavomera, thumbalo likhala m'chipinda chija. Sizindifikitsa pa zokolola, koma zindifikitsa Lamulungu linalo.
Tenanti wanga afika mawa pa njinga, atamangidwa ndi linya. Za dera sanafunse.