Mswachi wa Pazenera la Bafa

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda, koma poti mkazi wanga waifalitsa kale Bangwe yense, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndine makaniko wa galimoto za dizilo. Loweruka lina ndinabwera kunyumba ndi valavu ya EGR ya minibasi ya kasitomala, kachitsulo kaja kamabweza utsi mu injini. Kanali katatsekeka ndi mwaye, minibasi ikufuka ngati uvuni wa njerwa, pamtunda osakwera. Ndinapala ndi sikuludiraiva, ndinanyika mu petulo, koma m'makona munakanika. Ntchito ya m'makona imafuna mswachi wakutha.

Pazenera la bafa panali wina, ubweya wake utayang'ana uku ndi uku. Ndinati uwu ndi wotayidwa basi. Ndinakwecha nawo mpaka valavu kuwala, kwinaku ndikuimba likhweru.

"Bambo a Tadala," anaitana mkazi wanga, "mwauonako mswachi wa amayi?"

Amayi akewo ndi apongozi anga. Anali atabwera dzana lake kuchokera ku Nsanje, ulendo woyamba kugona pakhomo panga. Munthu amene ndimamupatsa moni maso ali pansi!

"Ayi, sindinauone," pakamwa panga panayankha pokha.

Ndinauchapa mobisa ndi sopo katatu konse, n'kuubweza pazenera. Pamwamba unayera ndithu. Koma ndinaiwala zimene ndimalalikira makasitomala tsiku lililonse, zoti mwaye umabisala mkati.

Lamulungu m'mamawa, magetsi atathima, tikukonzekera Misa yoyamba, ndinamva mkazi wanga akukuwa kuseri.

"Mayo ine! Amayi, m'kamwa mwanu!"

Ndinathamanga. Apongozi mano bii, lilime bii, thovu lakuda likutsika pachibwano. Mayi landilodi anatulukira akumanga chitenje, n'kuyang'ana kamodzi kokha.

"Izi si za chipatala izi. Mwayambana ndi ndani kumudzi?"

Apongozi anaganiza pang'ono. "Alamu anga aja! Nkhani ya dimba ija!"

"Ndinadziwa!" anatero mkazi wanga, dzanja lina botolo la madzi odalitsa, lina foni. "Ndiwaimbira pompano, anene chimene amayi anawalakwira."

"Nanga inu bambo mwangoti duu bwanji?" anandikalipira landilodi. "Ndinu mkamwini wa mtundu wanji? Tapempherani!"

Ndinatsinzina, koma pemphero linakana kutuluka. Mantha anandigwira zenizeni. Foni inayamba kuitana, ndipo ndinaona kuti mtundu wonse wa ku Nsanje ugawanika chifukwa cha minibasi ya eni ake. Ndinagwada pasimenti ponyowa, suti, tayi ndi zonse.

"Dulani foniyo. Mfiti yake ndine."

Mkazi wanga anadula foni ija. Ndinafotokoza zonse, mpaka kukatenga valavu ija ngati umboni. Landilodi anakhala pansi ndi phwete.

Apongozi anayang'ana valavu, ananunkhiza mswachi, n'kulavula. Mwa ulemu wa kwawo sanalankhule ndi ine, anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndimadabwatu kuti mankhwala otsukira mano a m'tauni muno akununkha ngati depoti ya mabasi. Tawafunsa amuna akowa: poti service andipanga kale, ndibwerenso pakatha makilomita angati?"

Amakaniko anzanga, mswachi ungathe bwanji uli ndi mwini wake, ndiye muzifunsa musanakweche.