Webusaiti ya Mpingo ndi Bodza Langa

Lolemba

Ambuye, ndiyambe ndi kuulula. Dzulo pa nthawi ya zolengeza a Mwale, mlembi wa mpingo wathu kuno ku Ngala, anaimirira n'kunena kuti mpingo ukhala ndi webusaiti, "popeza tili naye mwana wathu wodziwa makompyuta." Anandiloza. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinagwedeza mutu.

Chimene ndimadziwa ndi kutaipa makalata. Satifiketi yanga ikunenanso zomwezo. Webusaiti sindinapangepo chibadwire. Pakamwa sipananame, koma khosi nalo limanama.

Akufuna kuiona Lamulungu likubwerali, kuti ana a mpingo amene ali ku Joni azitiona ali komweko.

Zofunika:
1. Laputopu. Ndilibe.
2. Maphunziro aulere.
3. Nzeru. Ndapempha kale m'mawa uno.
4. Malungo a sabata yathunthu. Ichi ndafufuta. Mkhristu sapempherera matenda.

Lachiwiri

Minibasi mpaka ku Dwangwa. Asiyatu, mnzanga wa ku sekondale, ali ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika. Akundibwereka laputopu yakale imene imayaka pokhapokha ili pa magetsi. "Iwe, webusaiti? Insha Allah," akutero, akupukuta misozi ya kuseka.

Ndakhala pakona ya shopu tsiku lonse. Zimene ndapeza:
Vidiyo ya mzungu wolankhula ngati akumuthamangitsa agalu. Akuti aliyense angaphunzire m'mphindi khumi. Mphindi khumi zatha ndikadali pa moni wake, netiweki ikungozungulira.
Mavidiyo a m'mwenye wina woleza mtima, maphunziro ake ali ndi manambala. Uyu ndikumumvako. Ndamupempherera, iye ndi banja lake.
Tsamba lophunzitsa HTML, chilankhulo chimene amalembera mawebusaiti. Ndakopera zonse m'kope ndi bolopeni, ndi timizere take tomwe. Dzanja likuwawa.
Gulu la pafoni la achinyamata ophunzira zomwezi. Ndafunsa mwaulemu kuti munthu amayambira pati. Wayankha mmodzi. Akugulitsa nsapato.

Lachitatu

Aphunzitsi onse akugwirizana pa chimodzi: usanayambe, yamba waona za anzako kuti maganizo atseguke. Ndaona mawebusaiti a matchalitchi akunja. Maganizo sanatseguke, chatseguka ndi kaduka. Makoma agalasi. Nyali zofiirira. Abusa a mano oyera ngati mpunga wopuntha kumene. Lathu ndi la malata odontha mbali ya amayi, ndipo mabenchi ena tinapanga ndi matabwa a bwato lakale. Ndachita nalo manyazi tchalitchi limene ndinabatizidwiramo. Ndikhululukireni.

Malangizo amene ndatolapo: chithunzi chimodzi, mawu ochepa, ndi kusiya malo opanda kanthu kuti maso a owerenga azipuma.

Masana ano dzina la mpingo laoneka pa laputopu, zilembo zakuda pa zoyera, zolemba ine ndemwe. Ndagwada n'kuthokoza. Kenako ndadzimva wanzeru kwa pafupifupi ola lathunthu. Kunyada. Machimo awiri dzuwa lisanapendeke.

Lachinayi

Tsiku la mapemphero a amayi. Ndikugwirira ntchito m'kachipinda ka kutchalitchi chifukwa ndimo muli soketi. Mayi Nyirenda, wapampando wa amayi, asuzumira.

"Malo onsewa angokhala? Mwasungira alendo?"

Ndikuwafotokozera za maso kupuma.

"Maso akapuma kumanda, mwananga."

Akufuna chithunzi cha amayi onse atavala yunifolomu. Tajambula kasanu. Choyamba wina watsinzina. Chachiwiri duku la wina lapendama. Chachitatu mayi wina wofika mochedwa waima kutsogolo kwa apongozi ake. Zinazo sindikukumbukira cholakwika. Pomaliza agamula kuti ndiike zonse zisanu kuti pasakhale wodandaula.

M'mwenye uja anati chithunzi chimodzi. Koma m'mwenye ali kutali, Mayi Nyirenda aima kumbuyo kwanga. Munthu wamkulu sumukanira. Ndaika.

Lachisanu

A Mwale abwera ndi pepala lodzaza mbali zonse. Mayina a anthu oyenera kupatsidwa ulemu, monga timachitira pa ukwati ndi pa maliro. Vuto ndi lakuti webusaiti ili ndi pamwamba pamodzi pokha.

Abusa pamwamba, palibe wotsutsa.
Koma malemu amene anayambitsa mpingo sangakhale pansi pa amoyo.
Koma bambo amene anapereka malo omangapo tchalitchi ali moyo, ndipo sachedwa kukwiya.
Amayi busa sangatalikirane ndi abusa, anthu angayambe kulankhula.

Ndaganiza zoika mayina awiriawiri, mbali ndi mbali, kuti akhale ofanana. Zaoneka bwino. A Mwale avomereza. Kenako ndachepetsa tsambalo kuti tione mmene lidzaonekere pa foni, monga amaphunzitsira. Malo atachepa, dzina limodzi lagwera pansi pa linzake. A Mwale apezeka ali pansi pa msungichuma.

Aloza dzina la msungichumayo. "Mwana wanga, ine ndinabatizidwa ameneyu asanabadwe."

Ndafunafuna phunziro la mmene ungaikire anthu awiri onse pamwamba. Palibe. Zikuoneka kuti kunjako vuto limeneli sanakumane nalo.

Tsiku lonse ndakhala nawo a Mwale, awiriwiri, mpata wonena zoona ulipo. Sindinanene.

Loweruka

Ndabwerera kwa Asiyatu kukamuonetsa. Tsamba latalika ngati msewu wa M5. Nthawi ya mapemphero ili kumapeto kwenikweni, munthu afike kumeneko chala chitatopa. Komabe ndi webusaiti. Ndikumuuza kuti atumizire mchimwene wake wa ku Joni ayese kutsegula.

Akuyang'anitsitsa. "Ndimutumizire chiyani? Iyi ili mu laputopu muno mokha. Walemba kalata n'kuiika pansi pa pilo."

Ndiye kuti webusaiti imafunika malo ake pa intaneti, ndi dzina lolembetsa. Ndatsegula mavidiyo a m'mwenye. Zimenezo amaphunzitsa pa nambala 22. Ine ndili pa 4.

A ku Joni sadzaona kanthu mawa.

"Ungowatsegulira laputopu aonerepo. Adziwa ndani?" akutero Asiyatu.

Ndikuti Mulungu.

"Ameneyo akudziwa kale. Kauze akuluakulu akowo." Wanyamula kamkeka kake, wapita kukaswali.

Mwana wa kwaya ine, kulalikidwa ndi Msilamu pa shopu ya fotokope. Ndipo ulaliki wake ndi woona.

Lamulungu

Ndalawirira. Ndawapeza a Mwale okha m'kachipinda, akukonza mapepala a zolengeza. Ndagwada.

"Bambo, ndinakunamizani. Kupanga webusaiti sindidziwa. Chimene ndapangacho sichili pa intaneti, a ku Joni sangachione."

Amvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali m'manja. Kenako amwetulira. "Ana onse a masiku ano akanakhala odzichepetsa chonchi."

Ndabwerezanso, pang'onopang'ono, mawu amodzi amodzi.

"Watengera mayi ako. Amaphika chambo chokoma mudzi wonse, koma poika patebulo amati pepani, ndiwo zake ndi zomwezi. Dzuka, udetsa chitenje."

Pa zolengeza anena kuti ntchito yatha, ndipo mwana wathu wakana ngakhale kuyamikiridwa. Laputopu aiika kutsogolo. Anthu afola mzere, aliyense kufuna dzina lake, akalipeza n'kumapita osawerenga china. Mayi Nyirenda aona zithunzi zonse zisanu, aimba nthungululu. Gogo wina wabayibitsa laputopu, akuti mdzukulu wake ku Joni amuone. Sindinathe kuwayang'ana kumaso gogowo.

Potuluka a Mwale andinong'oneza kuti abale athu a ku Benga amva, akufunanso yawo.

Ndanena zoona kawiri, mawondo ali pansi, ndipo zandionjezera ulemu. Sindikudziwa ngati kuulula kumene sikunalandiridwe kumawerengedwa kumwamba. Njira imene yatsala ndi imodzi: kuphunzira mpaka bodza lija lisanduke zoona, mdzukulu wa gogo aja atsegule foni yake n'kuona dzina la agogo ake, ngakhale lili pansi penipeni.

Maphunziro khumi ndi asanu ndi atatu atsala. Ambuye, mum'patse moyo wautali m'mwenye uja.