Golide wa Pakhoma la Komadre Rozalina

Ine nkhani za eni ndasenza zambiri, koma iyi inandisenza ndi ine. Mpaka lero ku Fingoe akandiona amayamba kutsokomola.

Nkhondo itatha tinabwerako ku Zambia, aliyense n'kumanga pabwinja pake. A Rozalina, komadre wanga amene anandigwirira mwana pa ubatizo, anamata okha nyumba yawo, amuna awo a Zakaliya atabwerera kukatenga mbuzi zimene anasiya. Tsiku lina dzuwa litawomba khoma lija, ndinangoona waliwali. Golide! Paja nthawi imeneyo magarimpero, okumba golide aja, anali atadzaza m'mitsinje.

Ine kuchitsime: "Sindikunena kanthu, koma mkazi amene mwamuna wake kulibe, golide womatira nyumba am'tenga kuti?"

Pofika kumsika nkhaniyi, a Rozalina anali atapatsidwa kale chibwenzi, garimpero wa dzina, ndevu ndi njinga yomwe.

A Zakaliya atafika n'kuimva nkhaniyo, mbuzi sanamange n'komwe. Anauza akazi awo kuti alongedze, ine n'kundiitanitsa ngati mboni.

"Munaona ndani, komadre?" anafunsa a Rozalina.

"Ine ndinaona khoma."

Mayi aja sanakalipe. Anapala khomalo ndi mpeni, n'kuthira dothi m'mbale ya madzi, n'kuzunguza. Tonyezimira tonse tinapita ndi madzi.

"Golide ngolemera, amatsala pansi. Uyu ndi mika. Ku Zambia ndinkasenzera miyala okumba migodi, ndimam'dziwa." Anatola mwala pamaziko. "Onani, mwala ndi umodzi koma muli atatu: woyera ngati galasiyu, wofiirirayu, ndi wonyezimirayu. Mwala ukafumbutuka, mika amatsalira m'dothi."

Kenako anatenga kachidutswa kake n'kumakasenda ndi chikhadabo, tsamba pa tsamba ngati anyezi, lililonse lopyapyala, loonekera kuseri.

"Amabadwa woyalana chonchi. Golide sasendeka."

Ine ndinaiwala kuti ndili pamlandu. "Tasendaninso, komadre." A Zakaliya nawo anakhala pamtolo wa akazi awo uja n'kuyamba kusenda kawo, manyazi ali tho.

Pofuna kukonza zinthu ndinati, "Koma muli ndi diso. Dothi lokongolali munakalitapa kutali eti?"

"Kuseri kwanu, komadre. Pamulu wa dzenje la chimbudzi chanu."

Chichokereni apo, ndisanasenze nkhani ya khoma la mnzanga, ndimayamba ndazungulira kuseri kwanga.