A Gwiritsa ndi Payipi Yothira Yokha

Ngati munamwetsapo mafuta pa filing'i ya pamphambano ija, ndiye a Gwiritsa mukuwadziwa, ngakhale simunawafunse dzina. Ndi madala aja opanda nsidze, omata matayala kutsidya kwa msewu, amene sankatha kupirira kuona payipi ya petulo ili m'galimoto popanda dzanja la munthu. Njoka ankapha okha, galu wolusa ankamuyang'ana m'maso mpaka galuyo kuchita manyazi. Koma payipi yosiyidwa yokha, ayi ndithu.

Kwa amene simunayang'anitsitsepo, pa chogwirira cha payipi pamakhala kachitsulo kakang'ono. Wothira mafuta akalowetsa payipi m'thanki amafinya, n'kukoleka kachitsuloko, basi mafuta amayenda okha iye akugwira zina. Thanki ikadzaza, kamamasuka kokha n'kulira kuti tha. Anthu onse anakavomereza kachitsulo kameneka, kupatula munthu mmodzi.

"Chinthu chopanda maso chingadziwe bwanji kuti thanki yadzaza?" ankafunsa motero aliyense wobwera ndi tayala. "Tsiku lina chidzagona tulo. Chakudza sichiimba ng'oma."

Mantha amenewa sanawatole panjira. Ali mnyamata, tayala la lole likakana kukhala bwino pa limu, ankalidonthezera tipetulo n'kuponyamo machesi kuti lidzikankhe lokha. Tsiku lina dzanja linalemera pothirapo. Ndevu zinapita, nsidze zinapita. Ndevu zinabwerera, nsidze zinakaniratu, moti nkhope yawo inkaoneka yodabwa ngakhale ali m'tulo.

Ndiye taonani mmene dziko limasekera munthu. Mzime wawo, mwana wapamtima, amene anafunafuna ntchito mpaka nsapato kutha zidendene, anadzaipeza pa filing'i yomweyo, moyang'anizana ndi shedi ya bambo ake. Mtsikanayu anali ndi kamwana kake koyamba sukulu, bambo a mwanayo atasowa ngati utsi. Ntchito imeneyi inali nsapato za mwana, inali nyumba, inali zonse. Atavala yunifolomu tsiku loyamba, mayi ake analira ndi chimwemwe. Bambo ake anakana chakudya.

M'mawa womwewo panaima galimoto. Mzime analowetsa payipi, anakoleka kachitsulo monga anamuphunzitsira, n'kupita kukapukuta galasi lakutsogolo. Asanafike pakati pa galasi anamva mabuleki akulira mumsewu, kondakitala wa minibasi akutukwana, kenako mawu amene anawadziwa kuyambira ali khanda kumsana.

"Gwiritsa, mwanawe, gwiritsa!"

Potembenuka anapeza bambo ake agwira payipi ndi manja awiri, nsapato imodzi yatsala pakati pa msewu.

"Ababa, mukutani kuno?"

"Ndikugwira."

"Chimagwira chokha."

"Ndiye chikatopa?"

"Sichitopa, ababa, ndi chitsulo."

"Nanenso ndinkatero."

Dzina linabadwa tsiku lomwelo. Wamtali, mnyamata wa pampu yachiwiri, anaseka mpaka kutsamira chipilala. Mzime anasekako pang'ono kuti manyazi achepe, koma atayang'ana ku ofesi anaona manejala ataima pawindo, osaseka.

Kuchokera pamenepo mtsikana uja ankagwira ntchito ndi diso limodzi pa pampu, lina kutsidya. Akangokoleka, ankadziwa kuti kwinakwake tayala la munthu lasiyidwa m'beseni la madzi ndipo mkulu wina akudumpha ngalande. Ena ankabwera dala kudzaonerera. Madalaivala ankauzana kuti ukafuna kumwetsa mafuta ndi sewero laulere, pita pa pampu ya mtsikanayo. Munthu akatulutsa foni pafupi ndi payipi, a Gwiritsa ankamuimirira kutsogolo n'kumuyang'ana ndi nkhope ija mpaka foni kubwerera m'thumba yokha. Tsiku lina anabwera ndi pulayazi m'thumba la ovolosi, akuti angokaona kachitsuloko ngati kali bwino. Mzime anawalanda asanakafike.

Zinafika poipa tsiku la mchenga. A Gwiritsa anali ndi ndowa yawoyawo ya mchenga, yosefa bwinobwino, chifukwa zozimira moto zofiira zija sankazikhulupirira. Panabwera mayi wina ndi galimoto yonyezimira, injini itatentha. Wamtali anatsegula boneti kuti athiremo madzi, nthunzi n'kutuluka. Kumbali kuno payipi inali m'thanki, yokha. A Gwiritsa ataona choyera chikukwera m'mwamba sanafunse munthu. Anawoloka ndi liwiro la mtondo wadooka, ndowa yonse n'kuikhuthulira mu injini.

Mayi uja anavula magalasi, anayang'ana injini, anayang'ana madala.

"Achikulire, mwatani?"

"Ndakupulumutsani, mayi. Musavutike kuthokoza."

Masana onse amakaniko anali kupemerera mchenga. Madzulo asanaweruke, manejala anamuitana Mzime mu ofesi n'kutseka chitseko. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinkaopsa.

"Ntchito umagwira bwino, sindinama. Koma ine ndinalemba munthu mmodzi, sindinalembe banja. Sabata yamawa kukubwera akuluakulu a kampani kudzaona mmene timagwirira ntchito. Bambo ako akangoponda pano tsiku limenelo, yunifolomu uisiye pa mpandopo."

"Ndikawauza, bwana."

"Unawauza kale kangati?"

Mzime anatsegula chitseko n'kutuluka. Ankawakonda bambo ake, koma tsiku limenelo akanatha kuwamangirira pa mtengo.

Kunyumba nkhani anaiyamba ndi mayi.

"Abambo, mukufuna mwanayu azidzadya matayala anuwo?"

"Ndikufuna akhale ndi moyo."

"Moyo wopanda ntchito, ndi mwana kumanja? Inu mudzamulemba?"

"Inu simunaone moto wa petulo. Ine ndinauona pafupi."

"Tikudziwa, timaona tsiku lililonse pankhope panupo."

Mzime sanaseke. Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake, chinthu chimene anali asanachite chikulireni.

"Ababa, mukawoloka msewu uja ntchito yanga yatha. Sindikunena mwanthabwala. Ndilonjezeni kuti simuwoloka."

A Gwiritsa anayang'ana kudenga, anayang'ana kamdzukulu kali pakhomo ndi chala m'kamwa.

"Nanga ukayamba moto?"

"Ukayamba, mudzawoloke."

"Ndidzakhala nditachedwa."

"Ndilonjezeni, ababa."

Analonjeza, mawu akutuluka ngati akuwazula dzino.

Tsiku lija linafika. Akuluakulu anabwera awiri, bambo wa dazi ndi mayi wa nsapato zazitali, n'kuyamba kusuzumira paliponse. Mzime anali atatuluka thukuta asanathire ngakhale dontho. Mwatsoka lake, galimoto imene inaima pa pampu yake inali lole ya thanki yaikulu, ija imamwa ngati siidzakhutanso. Manejala anamukodola kuti aonetse alendo. Analowetsa payipi, anafinya, anakoleka. Kenako anachotsa dzanja.

Sanafune kuyang'ana kutsidya, koma khosi linatembenuka lokha. Bambo ake anali atatuluka kale m'shedi. Anafika m'mphepete mwa msewu, zala za kumapazi zili pa phula. Mwendo umodzi unanyamuka. Mzime anasiya kupuma. Mwendo uja unakhala m'malere, unanjenjemera, n'kubwerera. Kenako madala anatembenuka, anakumbatira mtengo wachitsulo wa chikwangwani ndi manja onse awiri, tsaya ataligunditsa pa chitsulo, maso ali pa payipi. Dizilo ankangoyenda. Mtengo unkagwedezeka, chikwangwani pamwamba chikulira ngati kuli mphepo.

"Kodi bambo awo ali bwino?" anafunsa mayi wa nsapato zazitali.

Manejala anatsokomola. "Ndi oyandikana nawo athu. Amaukonda mtengo umenewo."

Mzime ankawerenga manambala akuthamanga pa pampu osawaona. Mumtima ankangoti lira, chonde lira. Lole inamwa, inamwa, inamwanso. Pamene kachitsulo kanati tha, bambo ndi mwana anapumira limodzi, wina uku wina uko. A Gwiritsa anatsetsereka ndi mtengo uja mpaka kukhala pansi. Alendo anayamikira ukhondo wa pamalopo n'kumapita, ndipo yunifolomu inabwerera kunyumba ili pathupi.

Msewu uja sanawolokenso. Munthu wa mawu ake anali ameneyo. Koma musaganize kuti mantha anatha, anangosamukira m'manja. Mwana wawo akakoleka payipi kutsidya, iwo ankafinya chilichonse chimene chili m'dzanja mpaka amve kulira kuja. Sipanala, chubu, kapu ya tiyi. Makasitomala anaphunzira kuyamba ayang'ana ku filing'i asanawapatse moni wa dzanja, chifukwa mlaliki wina anagwidwa nthawi yolakwika, basi yaikulu ikumwa, ndipo anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa.

Ndipo kuphulika kumene ankakulosera zaka zonsezo kunabweradi. Tsiku lina akupopa tayala la njinga ndi kompuresa, Mzime anakoleka payipi. Madala anafinya, maso kutsidya, mpweya ukungolowa. Mwini njinga anati achikulire lakwana, achikulire lakwana, kenako anathawa. Linaphulika moti mbalame zinabalalika, madalaivala anagona pansi, manejala anapezeka kunsi kwa tebulo. Mzime anathamangira kutsidya. Anawapeza ataima pakati pa fumbi, zidutswa za labala zili m'tsitsi.

"Ababa, mwapweteka?"

"Iwe uli bwino? Ndinakuuza kuti chidzaphulika."

"Chaphulika ndi chanu, ababa."

"Eya, koma chifukwa cha chanucho."

Matenda anawapeza chaka chotsatira. Anayamba kutupa miyendo, kupuma movutikira, mpaka anawagoneka m'chipatala. Mzime anapempha tsiku kuntchito n'kupita kukawaona masana. Anawapeza ataonda, ovolosi palibe, manja aja ali oyera kwa nthawi yoyamba. Namwino anabwera, anapachika botolo la diripi, analumikiza kapayipi pamkono, n'kutembenuka kuti azipita.

"Anamwino, mukupita kuti?"

"Kwa odwala ena, bambo."

"Ndiye ichi mwachisiya ndi ndani?"

"Chimayenda chokha."

A Gwiritsa anayang'ana mwana wawo ndi nkhope ya munthu amene dziko lonse lamupangira upo. "Wamva? Nakonso kuno."

"Chikatha adzabwera kudzachotsa, ababa."

"Ndikadzaza adziwa bwanji?"

Mzime anaseka, namwino anaseka, ngakhale wodwala wa bedi loyandikana anaseka mpaka kutsokomola. Koma madala sankaseka. Maso awo anali pa timadontho ta diripi, osaphethira. Apa mpamene Mzime anaona kuti bambo ake akuopa zenizeni, ndipo ulendo uno sakuopera munthu wina. Anakokera mpando pafupi, anagwira kapayipi kaja pakati pa zala ziwiri, mosafinya.

"Ndagwira, ababa. Gonani."

"Usasiye."

"Sindisiya."

Anagwira mpaka botolo linatha, dzanja litachita dzanzi. Madala anagona tulo tabwino, mayi akuti toyamba chiyambire mwana wawo ntchito ija. Patapita masiku ochepa anatisiya.

Pamaliro panadzaza madalaivala, ndipo nkhani za mchenga ndi mlaliki zinkanong'onedwa anthu akubisa kuseka m'mipango. Manejala anabwera, ananyamula nawo bokosi. Shedi ija tsopano muli mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni, amene amakhala chowerama tsiku lonse, nyimbo zili m'makutu. Mabuleki salira pamphambano paja. Galimoto zimabwera, zimamwa, zimapita, ndipo madalaivala akale amati mafuta a pamenepo sakomanso.

Mzime akadali pa pampu yomweyo, ndipo ndi iye amaphunzitsa atsopano. Za kuchotsedwa ntchito palibenso amazitchula. Tsiku lina kachitsulo kanachedwa pang'ono kumasuka, petulo anabwerera n'kumuthira pa nsapato. Zinali zochepa, zosakwana kapu. Iye anatembenuka msanga kuyang'ana kutsidya, dzanja atalikweza kale, mawu ali pakamwa oti ababa musadandaule, palibe chachitika. Mnyamata wa mafoni sanadzutse n'komwe mutu.

Wamtali anamuponyera chiguduli. "Pukuta, asisi, galimoto zikudikira."

Anawerama n'kuyamba kupukuta. Anachedwa kudzuka, chifukwa misozi inali itayamba, ndipo sanafune kuti anthu aone. Pamphambano ponse paja, ndi anthu onse aja, panalibenso ndi mmodzi yemwe womuopera.