A Sizifa ndi makina awo akale

Mumsewu mwathu munthu ankatha kutaya chilichonse, mpando wothyoka, wailesi, ngakhale mwamuna, koma makina osokera akale ayi. Ukangowatulutsa panja, usanabwerere n'komwe m'nyumba, unkamva kulira kwa wilibala. Pocheuka unkapeza a Sizifa atagwada kale pambali pa makinawo, akuwasisita ngati mwana wodwala.

"Mukutaya?"

"Anafa kalekale awa, bambo."

"Anafa? Mwawafunsa? Zitsulo izi sizifa, mwanawe. Amene amafa ndi eni ake."

Dzina lija linachokera pamenepo. Dzina lawo lenileni linatsala m'kamwa mwa akazi awo okha, nawonso ankalitulutsa pokhapokha akapsa mtima.

Koma musaseke kwambiri, anzanga, chifukwa wilibala ija inkathera pakhomo pa munthu, ndipo munthuyo anali akazi awo aja. Ife tinkaseka n'kumapita kwathu. Iwo ndi amene ankagona nazo zitsulozo. Makina pabalaza, makina kunsi kwa bedi, ena kukhitchini atafunditsidwa nsalu ngati alendo odikira tiyi. Kuti analipo angati palibe ankadziwa. Bambowo ankawerenga okhawo amene ankasoka, ena onse ankati akupuma, pomwe mayiwo ankawerenga chilichonse chimene chinawapunthwitsa. Munthu akawafunsa ngati makina akale ndi abwino kukhala nawo, sankataya nthawi ndi mawu. Ankavula patapata n'kuloza zala zakuphazi.

"Funsani izi. Chikhadabo ichi chinapita ndi Nkhalamba. Ichi anadya ndi Apongozi."

Eetu, anali ndi mayina. Nkhalamba anali makina akuda opondera ndi mapazi, olemera moti powalowetsa m'nyumba amuna amene anathandiza anakhala masiku akuyenda chowerama. Wamwano ankadula ulusi mlendo akangolowa. Apongozi sankafuna kudzidzimutsidwa, unkayenera kuyamba wapukusa gudumu ndi dzanja, pang'onopang'ono, mwaulemu, apo ayi ankameza nsalu osabweza.

Zonsezi zinayamba ndi lonjezo. Pofunsira mbeta, a Sizifa, nthawi imeneyo ali telala wachinyamata wa pakhonde la sitolo, analonjeza chofunda cha zigamba, chachikulu, chochindikala, choti mkazi wawo asadzadziwenso kuzizira. Anyamata ena ankalonjeza nyumba yamagalasi ndi galimoto. Mayiwo anasankha wa chofunda poganiza kuti ameneyu ndiye akulonjeza zotheka. Kalanga ine! Ana anabadwa, anakula, anakwatiwa, imvi zinamera, chofunda chili panjira. Chimene chinkafika pakhomo ndi wilibala basi.

"Izinso zalowa bwanji muno?"

"Mayi, awa ndiwo amalize chofunda chanu. Taonani mano akewo."

"Munatero ndi aja ali kunsi kwa bedi."

"Aja ndi a mizere yowongoka. Awa ndi a m'makona."

"Ndiye ine ndizifunda makona?"

Vuto linali lakuti makina alionse obwera ankafuna kukonzedwa kaye, ndipo kuti akonzedwe pankafunika kachitsulo ka makina ena, amene nawonso akachotsedwa kachitsuloko ankayamba kupuma. Tsiku linkatha bambo ali chigwadire, kabotolo ka mafuta kali m'thumba la malaya, tizitsulo tili mbwee m'mbale zodyera. Nyumba yonse inkanunkha mafuta a makina, mpaka tiyi. Mayiwo poyamba ankakalipa, kenako anayamba kudandaula, kenako ankangousa moyo n'kusuntha mbale. Kutopa kwina sikufuna mawu.

Nsalu ya m'sitolo a Sizifa sankaifuna m'chofundamo. Ankati chigamba chenicheni ndi chimene chinavalidwapo ndi munthu. Choncho ukamawapatsa moni sankakuyang'ana kumaso, ankayang'ana malaya ako, n'kutsina kolala ndi zala ziwiri. "Akatha awa mundiuze." Ena sankadikira n'komwe kuti athe. Mkamwini wawo atabwera kudzacheza anachapa malaya ake atsopano n'kuyanika kuseri. Pokawanula anawapeza atafupika, mchira wonse utadulidwa bwinobwino, m'mphepete mosokedwa mwaluso kuposa kusitolo.

"Abambo, pepani, malaya angawa akuoneka ngati achepa."

"Mbali imeneyo imalowa m'buluku, mwananga. Amaiona ndani? M'chofunda ndiye ionekera."

Mkamwini, pokhala mkamwini, anathokoza. Koma kuyambira pamenepo akabwera ankayanika zovala zake m'galimoto, magalasi atatseka.

Mwana wawo wamkazi, mkazi wa mkamwini yemweyo, anatengera mayi ake kusakonda zozungulira. Anagula makina amagetsi, oyera, opepuka, osoka okha mabowo a mabatani, n'kubwera nawo kuti bambo ake aone kuti dziko linapita patsogolo. Tinene chilungamo, makinawo anali abwino, makatani onse a kunyumba kwake anasokera omwewo. A Sizifa anawanyamula ndi dzanja limodzi n'kuwagwedeza pafupi ndi khutu.

"M'katimu muli chiyani? Mphepo?"

"Safuna mafuta tsiku ndi tsiku, abambo. Sameza nsalu. Salumanso anthu."

"Nanga magetsi akazima?"

"Mumadikira."

"Wamva, mayi? Amadikira! Nkhalamba sadikiritsa munthu."

"Koma amayi adikira chofunda moyo wawo wonse."

Bambowo anatenga makina oyera aja n'kutsekereza chitseko, mphepo inabwera n'kukankha chitseko ndi makina omwe, iwo n'kunena kuti mlandu wathera pamenepo. Mwana ananyamula makina ake n'kubwerera nawo. Koma mawu aja anali atawalasa bambowo. M'mawa mwake anatulutsa matumba a zigamba, napukuta Nkhalamba, nayamba kusokadi.

Tsoka lake anayamba mochedwa. Nyamakazi inali itawagwira maondo, moti akaponda pang'ono ankaluma mano. Makina amagetsi akanatha nkhaniyo, koma amenewo kuwatchula kunali kutukwana. Ndiye anapeza njira imene ndi banja lokhalo likanaipeza. Bambo ankakhala pampando wawo kutsogolo, manja ali pansalu. Mayi ankakhala pakampando kafupi cham'mbali, mwendo umodzi atautambasulira kunsi kwa tebulo, phazi lili pachopondera. Singano sankaiona chifukwa phewa la amuna awo linkatchinga, choncho ankangoyang'ana khoma n'kumayendera mawu.

"Pondani, mayi."

Tekete tekete tekete.

"Basi! Mukuthamangira kuti? Akukuthamangitsani agalu?"

"Mwati ndiponde."

"Mwaulemu! Iyi ndi nkhalamba."

"Nanenso ndine nkhalamba. Chofunda cholonjezedwa ine, ndikuchiponderanso ndekha. Anzanga anakwatiwa, ine ndinalembedwa ntchito."

"Pondani, mayi."

Masana alionse msewu wonse unkamva zomwezo: tekete tekete, basi, mkangano, teketenso. Mayiwo ankatuluka akutsimphina, akulumbira kuti tsiku lina adzaitana wogula zitsulo zakale kuti adzakolope nyumba yonse. Bambo wogula zitsuloyo ankadziwa. Ankadutsa pakhomopo pang'onopang'ono, khosi atalitalikitsa, ndipo a Sizifa ankamutcha fisi n'kumuloza ndi ndodo yoyezera nsalu.

Chofunda chinakula, chinadzaza tebulo, chinagwera pansi. Panatsala msoko umodzi wokha, wa m'mphepete. Tsono a Sizifa anali ndi lamulo limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: nsalu sachotsa pamakina pakati pa msoko. Ukatopa umasiya singano italowa m'nsalu, kuti mawa idzayambire pomwe inalekera. Masana ena, ali pakati pa msoko womalizawo, anati, "Basi, mayi. Lero ndatopa ine. Timaliza mawa." Anapukusa gudumu ndi dzanja, singano inalowa, anafunditsa makinawo. M'mawa mwake anawatengera kuchipatala, ndipo kunyumba sanabwerenso ndi mapazi awo.

Maliro atatha, ana anagwirizana kuti mayi asakhale okha, akakhale kwa mwana wamkazi uja. Chipinda cha kumeneko chinali chaching'ono, cholowa bedi ndi sutikesi basi. Makina onse anayenera kupita. Fisi uja anaitanidwa, ndipo anafika ndi lole ndi sikelo, chipewa chili m'manja, akuyenda monyang'ama ngati mwini nyumba atulukira ndi ndodo.

Tsikuli mayiwo anali atalilota kwa zaka zambiri. Anakhala pakhonde n'kumaonerera. Wamwano anatuluka. A kunsi kwa bedi anatuluka, fumbi lili kumutu. Apongozi potuluka anapana chala cha wogula zitsulo, iye n'kudumpha akuyamwa chalacho. "Munawadzidzimutsa," anatero mayi, osaseka. Pansi panatsala madontho a mafuta ndi malo oyera pomwe panali miyendo ya makina. Nyumba inakula, munthu ankatha kuyenda kuchoka pakhomo mpaka kukhitchini osapunthwa. Ankayembekezera kuti asangalala, koma anangomva kutopa kokhakokha, kwa m'mafupa.

Anatsala Nkhalamba. Mwana atavundukula nsalu anapeza chofunda chili pomwepo, singano itachikhomera pamakina. Anatenga sizasi.

"Amayi, ndikweze singano, tidule ulusi, bamboyu anyamule."

"Pakati pa msoko sadula."

Anadabwa okha kumva mawuwo akutuluka m'kamwa mwawo. Anadzuka, nakoka kampando kafupi kaja.

"Khala apo. Gwira nsalu."

"Amayi, ine makina awa sindiwadziwa."

"Nanga ine ndimawadziwa? Ine ndimadziwa khoma. Gwira."

Mwana anakhala pampando wa bambo ake, nayala manja pachofunda. Mayi anatambasula mwendo, phazi linapeza lokha chopondera, maso anapita kukhoma. Phazilo linadikira pomwepo mpaka mwana anati, "Tiyeni, amayi."

Tekete tekete tekete. Kunsi kwa manja ake kunayamba kudutsa zigamba. Yunifolomu yake ya kusukulu, imene ankati inabedwa pachingwe. Mchira wa malaya a mwamuna wake. Diresi ya maluwa imene ankangoiona pachithunzi cha amayi ake ali mtsikana. Msoko unkakhota uku ndi uko, sunali ngati wa bambo ake, koma unkayenda. Unafika pakona, nsalu inatha, chofunda chinatsetserekera kuseri kwa tebulo.

Makina sanaime. Singano inkangokwera n'kutsika popanda nsalu, mayi akuponda, maso ali kukhoma, khutu litatchera. Ankadikira mawu aja akuti basi. Mwana anatsegula pakamwa kuti awanene, koma inatuluka ndi misozi yokha, ili chuchuchu. Wogula zitsulo pakhomo anangoweramitsa mutu. Mayi anaponda, naponda, mpaka mwendo unaleka wokha.

"Watha msokowo?"

"Unatha kale, amayi."

"Nanga osanena bwanji?"

Mayi anatola chofunda chija, nachiyang'ana pomwe msoko wowongoka unathera n'kuyamba wokhotakhota, nachipinda. Chinali cholemera ngati munthu. Wogula zitsulo anayandikira Nkhalamba akupinda manja a malaya.

"Awa asiyeni, bambo."

"Amayi," anatero mwana akupukuta m'maso, "chipinda chija mwachiona. Tikalowetsa makinawa, bedi tiliika pati?"

"Bedi ndi lachitsulo. Mupatse bamboyu, asabwerere wodandaula. Ine matiresi andikwana, chofunda ndili nacho."

Anapita nawodi. Mkamwini ndi amene anawanyamula, ndipo mpaka lero akuyenda chowerama. Mwana wawo akuti mayiwo sasokera makinawo ayi, amangowathira mafuta. Ukawafunsa ngati makina akale ndi abwino kukhala nawo, amavulabe patapata, chifukwa m'kachipindamo amapunthwa tsiku lililonse. Akuti akapunthwa amakuwa dzina lenileni la amuna awo, mokwiya, nyumba yonse n'kumva.

Kuno kumsewu masana atalika. Kulibe tekete, kulibe basi, munthu umavala malaya atsopano popanda wokutsina kolala. Posachedwapa wina anatulutsa makina akale a malemu azakhali ake n'kuwasiya pamphepete pa msewu. Tonse tinapezeka tatchera khutu, kudikira wilibala. Makinawo ali pomwepo mpaka pano, mvula ikuwagwera, ife tikuwalambalala. Dzulo ndinayesa kupukusa gudumu lake, koma lagwira dzimbiri, silikuyendanso. Kani zimafa.