Masamba a pamsewu wa ku Santhe

Anzanga a m'bungwe, popeza nkhaniyi mwaimva kale m'njira zambiri, ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinapempha khasu kuti ndikayambe kukumba manda, bola ndiifotokoze ndekha mwini wake. Sindinakomoke. Khasu sindinapemphe. Zotsalazo ndi zoona.

Kwa inu amene simundidziwa, ndine Mwale, wojambula mapulani a nyumba, ndipo mwa mamembala onse a bungwe lathu ndine ndekha amene ndimakhala kuno ku Kasungu. Mkazi wanga, Nambewe, anamwalira chaka chatha mvula itangoyamba. Kuchokera pamenepo ndinasiya kubwera kumisonkhano. Gulupu yathu ya pafoni ndinaitseka pakamwa, chifukwa mauthenga opepesa ankabwera ambiri ndipo sindinkadziwa choyankha. Ndinkadzuka, kumeta ndevu, kukhala patebulo lojambulira, kuyang'ana pepala, kenako n'kuona kuti dzuwa lapendeka. Pamaliro sindinalire. Anthu anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, ine n'kumangogwedeza mutu.

Amene sanandiyamikire ndi mwana wanga Tadala, yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe.

"Adadi, nyumbayo itsekeni mubwere kuno. Simukudya, simukuyankhula ndi munthu. Chipinda ndakonza kale."

Nyumba imeneyi ndinaijambula tilibe ndi njerwa imodzi yomwe, Nambewe ataima kumbuyo kwanga akundiuza kuti khonde liyang'ane kum'mawa. Ndiitseke? Ndinamuuza Tadala kuti ndili bwinobwino.

"Ndionetseni," anatero. "Apo ayi ndikubwera ndi galimoto kudzakutengani."

Ndiye wapampando wathu, Mayi Kachale, atandiimbira foni, ndinati mwayi woonetsa uja ndi umenewu. Mukudziwa zimene bungwe lakhala likudandaula: kuti m'maboma ambiri pulani imene wajambula aliyense wodziwa kugwira rula imadutsa kukhonsolo, komanso kuti ife eni ake tikaitanidwa kumsonkhano timabwera ochepa moti tiyi amatsala. Mayi Kachale anati anthu satimvera chifukwa amatiyesa anthu a nyumba zosanja za m'tauni, choncho tipite kumene nyumba zimagwa. Kuno zimagwadi, makamaka za matenanti m'maesiteti a fodya, zija zomata ndi dothi zimene mvula ikalimba banja lonse limakagona m'chigafa pansi pa fodya. Mwini esiteti ina kufupi ndi Santhe anali atavomera kuti tikakumane ndi matenanti ake, a kukhonsolo aliponso, tikaonetse pulani ya nyumba yotsika mtengo. Pulaniyo ndinajambula ine, Nambewe asanadwale, n'kuitumiza ku Lilongwe, n'kuiiwala.

"A Mwale, inu mungobwera, muyankhuleko pang'ono, basi. Tikakumana kuofesi ya esiteti. Zikasintha tikuuzani pagulupu."

"Chabwino, mayi," ndinatero, osawauza kuti gulupuyo ine ndinaitseka pakamwa kalekale.

Tsikulo ndinavala suti yakuda, chifukwa ndi yokhayo imene inali yosita. Inali itayamba kundikulira. Ndinatenga chipewa n'kunyamuka pagalimoto. Inali nthawi ya okushoni, yogulitsa fodya, m'minda mitengo ya fodya itangoima yopanda tsamba, fumbi lili koboo. Nditasiya msewu wa tala n'kulowa wa fumbi wopita kuesitetiko, sindinayende kwambiri, ndinapeza masamba aikidwa pamsewu.

Nonse mukudziwa kuti masamba pamsewu amanena zinthu ziwiri: mwina pali maliro, mwina kutsogolo galimoto yawonongeka. Ine chachiwiricho sichinandifike m'mutu n'komwe. Ndikanangoyenda pang'ono kukhota pakona ndikanaiona lole ya mabelo a fodya itatseka msewu wonse, dalaivala atagona kunsi kwake ndi sipanala. Koma ndinaima pa masamba oyambirira, n'kuzimitsa injini, ndipo injini itangoti zii ndinamva amayi akuimba nyimbo ya m'buku, pang'onopang'ono, mmene amaimbira pa siwa. Kumanzere kunali chigafa chachikulu. M'menemo anthu atakhala pansi, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, palibe woseka.

Ndinati, ee, msonkhano walephereka, paesiteti pagwa zovuta. Nanga munthu n'kudutsa maliro? Ndinavula chipewa n'kutsata kanjira.

Tsono mundimvetse. Amayiwo anauzidwa kuti aziimba podikira alendo, ndipo nyimbo zimene onse amazidziwa, poti anachokera m'maboma osiyanasiyana, ndi za kutchalitchi. Amunawo anali ndwii chifukwa tenanti akaitanidwa ndi kapitawo nthawi ya okushoni, sayembekezera nkhani yabwino. Msonkhano anausamutsira m'chigafamo chifukwa ofesi inachepa, ndipo uthenga wake unali phee m'thumba mwanga, pagulupu. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Pa nthawiyo chimene ndinaona ndi tebulo pakati pa chigafa, patebulopo chinthu chonga bokosi, chachifupi, chofunda nsalu yoyera.

Mwana, ndinatero mumtima.

Ndinakhala pansi pakati pa amuna. Sindinafunse kuti watisiya ndani. Pamaliro sufunsa, umadikira, amalengeza okha. Bambo amene ndinakhala naye pafupi anayang'ana suti yanga, anayang'ana chipewa chili m'manja, nayenso n'kuvula chake. Wotsatira wake anavula. Posakhalitsa mbali yonse ya amuna inali mitu yokhayokha.

Kapitawo wa pamalopo, a Zimba, amandidziwa, ndinawajambulirapo nyumba yosungiramo feteleza. Anabwera mothamanga.

"Aa, bwana Mwale, pansi? Mipando yanu ili uko."

"Ayi, pompano pali bwino." Ndinawagwira dzanja ndi manja anga awiri. "Pepani kwambiri, a Zimba. Pepani."

Anandiyang'ana, anayang'ana amuna opanda zipewa aja, nawonso n'kuvula chawo.

"Alendo enawo achedwa," anatero motsitsa mawu. "Anthuwa akhala kuyambira m'mawa. Mwina muyankhuleko kaye mawu pang'ono m'malo mwa bungwe."

Ndinaona kuti n'zoyenera. Bungwe linabwera kudzakumana ndi anthu, lawapeza ali pachisoni, lingachoke osapepesa? Ndinaimirira, kumanga batani la jekete, kuweramira mbali ya amuna, kuweramira mbali ya amayi. Nyimbo inatha.

"Zikomo akuluakulu nonse, zikomo amayi. Ine ndaima pano m'malo mwa bungwe la ojambula mapulani a nyumba. Tinabwera ndi nkhani ina, koma nkhani imeneyo idikire. Ndati ndipepese kwa eni mbumba, makamaka kwa mayi wa mwanayu."

Ndinaloza patebulo paja ndi chipewa.

"Bokosi laling'ono limalemera kuposa lalikulu."

Anzanga, chinthu chija chinabwera m'mawa pa galimoto ya bungwe, dalaivala n'kuwauza a Zimba kuti asavundukule mpaka wapampando atafika. Palibe amene ankadziwa kuti ndi chiyani. Ndiye bwana wa suti yakuda waimirira, wanena kuti ndi mwana. Amayi anayang'anana. Mmodzi anadzuka n'kuyamba kuitana, "Chikondi! Chikondi ali kuti?" Wina, "Yamikani!" Kunali kuthamangira kunyumba, kumjigo, kuseri kwa zigafa, aliyense kukafuna wake, ndipo otsalawo anayamba kulira, poyamba chapansipansi, kenako mokweza. A Zimba anali akuyang'ana manja awo.

"Ine ndanyamula ndekha chimenechi," ankatero. "Ndanyamula ndi dzanja limodzi. Bwanji osandiuza?"

Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinaona kuti mawu anga awafika pamtima, ndinapitiriza. Ndinawauza kuti lero anthu ndi ambiri, koma mawa aliyense apita kwawo, ndipo nyumba idzakula. Ndinati mudzapeza mwatenga makapu awiri pamene womwa tiyi ndi mmodzi. Ndinati mudzamva chitseko cha kukhitchini chikulira, mudzatembenuka kuti muyankhule, n'kupeza ndi mphepo. Sindikudziwa kuti mwana uja ndinamusiya pati. Ndinangozindikira ndikunena kuti Nambewe ankakhala pakhonde m'mawa uliwonse akusankha mtedza, Nambewe sankafuna kuti ndizijambula ndisanadye, Nambewe, Nambewe.

Ndinalira. Osati kulira kwa anthu ophunzira kopukuta diso ndi kansalu. Ndinalira kukamwa kuli yasa, mamina ali chuu, pamaso pa anthu amene sindinawaonepo, fodya wotsala akulendewera pamutu panga. Bambo uja woyamba kuvula chipewa anadzuka n'kundigwira paphewa kuti ndisagwe.

Pamenepo ndi pamene Mayi Kachale anafika, wapansi, poti lole ija inawatsekera kumbali inayo, pamodzi ndi mamembala athu angapo ndi akuluakulu a kukhonsolo. Atamva kulira, nawonso anachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita. Abambo anavula zipewa, Mayi Kachale anatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga pamwamba pa siketi, onse n'kukhala pansi mwakachetechete. Wa kukhonsolo mmodzi anayamba kale kupisa m'thumba kufuna chipepeso.

Amayi othamanga aja anabwerera, aliyense akukoka wake. Ana onse a paesiteti anapezeka, amoyo, ena ali ndi nzimbe kukamwa.

"Nanga ndi mwana wa yani?" anafunsa mayi wina.

Mayi Kachale anatsatira kumene maso onse ankayang'ana. Ndinawaona nkhope ikusintha. Anadzuka pang'onopang'ono, anapita patebulo, anandiyang'ana ine, n'kukoka nsalu ija.

Kanyumba. Kanyumba kachitsanzo ka makatoni ndi timatabwa, kamene bungwe linakonzetsa ku Lilongwe kuti anthu osazolowera kuwerenga pulani aone ndi maso. Denga la malata, zipinda ziwiri, khitchini pambali. Ndi khonde. Ndinalidziwa khondelo. Pa pulani ndinalemba ndekha kuti liyang'ane kum'mawa.

Kutali sipanala inkagogoda pa lole.

Kenako bambo wina wachikulire wa mbali ya amuna anakhosomola.

"Bwana," anatero, "malemuwa ali ndi mawindo."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. A Zimba anakhala pansi n'kumamenya dothi ndi chipewa. Amayi ankaseka misozi ija isanaume. Wa kukhonsolo anabweza dzanja lake m'thumba mwaulemu. Ine ndinangoima, jekete yonyowa, ndikufuna nthaka itang'ambika. Munthu wa digiri, woimira bungwe lofuna kuti boma lizilimvera, kukhuza maliro a katoni! Ndinaganiza za Tadala ndi chipinda chake chokonzakonza, ndinati basi, ndadzitengera ndekha ku Lilongwe.

Kuseka kutachepa, mayi amene ankatsogolera nyimbo anagwada kumene anali.

"Pepani bambo, tifunse nawo. A Nambewe amene mumawatchulawa ndi ndani?"

"Ndi akazi anga. Anatisiya chaka chatha."

"Oo. Ndiye sitinalire pachabe." Anatembenukira anzake. "Tiyeni tiwaimbire imodzi, tinali kutali sitinamve."

Anaimba. Zipewa zimene zinali zitabwerera kumutu zinatsikanso. Ine ndinakhala pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto, zimene pa maliro enieni sindinathe, poti ndinali kalikiliki kuona ngati alendo adya.

Msonkhano unachitika. Mayi Kachale akuti pa misonkhano yonse imene bungwe lachititsa, sanaonepo anthu ofunsa mafunso ngati amenewa. Mwina munthu ukamuona akulira mamina ali chuu, sumuopanso. Anafunsa kuti mbuzi zigona kuti, anafunsa kuti tenanti akachotsedwa nyumbayo ikhala ya yani, funso limene palibe mwa ife analiyankha bwino. A kukhonsolo anati akanena kwa akuluakulu. Mwini esiteti, amene anatumiza womuimira, akuti aganizira. Mvula ikubwerayi anthu aja mwina adzagonanso m'chigafa. Sindikufuna kukunamizani kuti tinapambana.

Ndisanafike n'komwe kunyumba, foni inalira. Wina mwa inu, ndipo ndikumudziwa, anajambula zonse n'kuponya pagulupu, ndipo zinamupeza Tadala kuofesi. Ndinaimika galimoto pambali.

"Adadi."

"Mayi."

"Akuti mwalira maliro a katoni."

"Ndi zoona."

"Mwaliradi? Misozi yeniyeni?"

"Esiteti yonse ndi mboni."

Ndinamva akufwenthera.

"Ine chimene chimandiopsa ndi chimenecho, adadi. Munangouma gwaa. Ndimaopa kuti tsiku lina mudzangoyoyoka muli nokhanokha m'nyumbamo. Khalani. Koma Loweruka ndikubwera, ndipo suti imeneyo ndikudzaitenga."

Ndiye ndidakali kuno, khonde likuyang'anabe kum'mawa. Makapu ndimatengabe awiri masiku ena. Gulupu ndinaitsegula, ndinapeza mauthenga ambirimbiri, ena opepesa za Nambewe, ena opepesa za katoni, ndipo onse ndikuwayankha pang'onopang'ono. Bungwe landipatsa ntchito yobwerera kuesiteti kuja mwezi ndi mwezi, akuti palibe membala wina amene anthu a kumeneko angamukumbuke chotere. Ndikafika, a Zimba amavula chipewa ndili patali.

"Bwana Mwale, malemu ali bwino, tawasunga muofesi."

Chipewa ndidzavulabe ndikaona masamba pamsewu, ndi mmene tinaleredwera. Koma kuyambira tsopano, ndisanapepese munthu aliyense, ndiziyamba ndayenda kukafika pakona kukaona ngati kulibe lole.