Tsiku Limene Maginito Anandikana Pamaso pa Amayi a Mpingo

Mulungu ndi wabwino, koma Lachinayi lija anangondisiya ndione ndekha.

Mwana wanga Lonjezo (Ambuye amudalitse, ndi yekha m'banja mwathu amene anafika ku yunivesite) anabwera kutchuthi ndi nkhani za maphunziro ake. Akuti amafufuza tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa mabosoni, tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Tikakhala potentha, kalikonse kamathamanga njira yakeyake ngati anthu a mumsika wa Chinakanaka. Koma mukatiziziritsa kwambiri, timayamba kuyenda pamodzi ngati chinthu chimodzi, mpaka kukankhira kunja mphamvu ya maginito. Anandionetsa pafoni maginito akuyandama m'malere pamwamba pa kambale kofuka nkhungu. Popanda chingwe!

Sabata yomweyo amayi abusa anandipatsa mwayi wophunzitsa pa msonkhano wa amayi. Zaka khumi ndakhala ndikusesa tchalitchi, osapatsidwapo guwa. Mutu wake: umodzi. Ndinati basi, Mzimu wandipatsa chitsanzo. Tikaziziritsa mitima timakhala amodzi, ndipo Satana amakankhidwira kunja. Koma kungonena sikunandikwane. Ndinafuna aone ndi maso, makamaka a Nasiyaya, amene amati ine ndimangodziwa tsache.

Lonjezo anali atabwerera kale kusukulu, ndipo sindinamufunse. Maginito ndinawapeza mu wayilesi ya bambo ake, iwo ali kuesiteti kukathyola tiyi (ndinkati ndibwezeretsa asanaweruke, kumasula kunali kosavuta). Chibuma cha ayisi ndinachigula kwa mayi wogulitsa mafilizesi, nʼkuchikulunga m'chitenje.

Ulaliki unayenda bwino, "Ameni" akungogwa ngati mango. Kenako ndinaika ayisi patebulo, chivundikiro cha chitsulo pamwamba pake, nʼkuuza amayi kuti ayandikire.

"Taonani mdyerekezi akukanidwa!"

Ndinasiya maginito. Khwa! Anakakamira pachivundikiro ngati nkhupakupa.

"Wakanidwa kapena walandiridwa?" anafunsa a Nasiyaya.

"Sikunazizire bwino, tiyimbe kaye," ndinatero.

Tinayimba nyimbo yonse, mavesi anayi. Ayisi akusungunuka, madzi akutsetsereka patebulo mwakachetechete mpaka m'chilolo mwa amayi abusa. Iwo anadzambatuka: "Mayi a Lonjezo, ubatizo ndinachita kale ine!"

Ndinamatula maginito aja ndi mphamvu zanga zonse, dzanja nʼkupitirira mpaka pachifuwa pa a Nasiyaya. Pini yomangira bulauzi yawo inalumphira pamaginito, bulauzi nʼkutseguka ngati chitseko cha golosale.

"Mayo ine! Satana wakoyo akundivula!"

Amayi anaseka mpaka ena kugona pamabenchi. Ngakhale a Nasiyaya ndi mayi wotsogolera kwaya, amene sanalankhulane chichokereni Pasaka, anagwirana mapewa akupukuta misozi.

Madzulo ndinaimbira Lonjezo. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi, ayisi wanuyo kwa tinthu timeneti ndi ng'anjo! Kumafunika kuzizira koti ngakhale pamwamba pa phiri mu Juni sikufikako. Komanso si chivundikiro chilichonse chimene chingakankhe maginito. Bwanji osandifunsa?"

Ndinati ndimafuna kumudabwitsa. Anati ndakwanitsa.

Amayi abusa anandiitana Lamulungu. Ndinapita nditakonzeka kulapa. Anangoti, "Umodzi unaoneka ndithu, tikuthokoza. Koma tsache lija likukusowani." Ndinabwerera ku ntchito yanga, ndipo ndimasesa ndi chimwemwe.

Wayilesi ija sinalankhulenso, ngakhale ndinamata maginito ndi ulimbo nʼkuipempherera. Bambo a Lonjezo anazindikira Loweruka, mpira utatsala pang'ono kuyamba. Sanakalipe. Anangozizira. Ndipo apa ndiye ndinaona kuti mwana wanga sanama: munthu uja atazizira mokwanira, sabata yathunthu ndinkangoyandama chapatali, osatha kumuyandikira.